Njati ndi Madzi Otsuka Nzeru

Kalekale, inu ana ndi inu akuluakulu... Mwati chiyani? "Tili tonse" wake wofooka chonchi, kukhosi kwauma kale? Chabwino, nthanoyi ndi yanu.

Kalekale kunali sukulu ya nyama patsinde pa mlambe. Aphunzitsi anali a Nang'omba, ofatsa ndithu, koma maso awo ankaona pafupi pokha. M'mawa uliwonse makolo ankadzaza mtsuko waukulu ndi madzi, n'kuika chikho pamwamba. Woyang'anira mtsukowo anali Njati, monitala. Sanamusankhire nzeru ayi, anamusankhira thupi.

Tsiku lina nthawi yopuma, Njati anasonkhanitsa ana onse.

"Tamverani, tiana inu. Madzi amatsuka mbale, si choncho?"

"Eee."

"Nanga zolemba za pabolodi mukathirapo madzi, zimatsala?"

"Ayi."

"Ndiye m'mitu mwanumo n'chimodzimodzi. Ukamwa madzi kusukulu, zonse zimene waphunzira zimatsukika. Ine ndizikakutayirani kuseri kuti musamawasirire."

Ana anagwira pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe anakhudzanso chikho.

Tsono panali Gologolo, kamwana kochangamuka. Koma dzuwa likafika pamutu, mutu wake unkangoti waliwali, maso lendelende, samu osalowa. Analephera mayeso kawiri. Amayi ake anamuuza mosapsatira: "Ukalepheranso ulendo uno, sukulu yatha. Uzikaingitsa mbalame kumunda wa mapira." Gologolo anachita mantha, chifukwa sukulu ankaikonda.

Tsiku lina mutu utamukulira, anakwera mumlambe kuti agoneko. Poyang'ana pansi, aa! Njati uja wakumbatira mtsuko, akugugudiza, gu gu gu! Otsalawo anathira pansi, n'kupanga matope, n'kugonamo, phwathaphwatha, miyendo m'mwamba.

"Ohoo," anatero Gologolo chamumtima. "Kutaya kwake n'kumeneku eti?"

Akanene kwa aphunzitsi? Nyanga za Njati zikanamudikirira panjira poweruka. Ndiye anangosunga pakamwa.

Linafika tsiku la mayeso, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili ng'aa kuyambira m'mawa. Gologolo anakagwada kwa a Nang'omba.

"Aphunzitsi, a monitala amatopa nawo mtsukowu tsiku ndi tsiku. Lero ukhale kutsogolo kuno, nawonso apumeko, alembe bwino."

"Mwana waulemu iwe," anatero a Nang'omba. "Ubweretseni kuno."

Gologolo anatenga chikho, n'kutunga, n'kumwa onse akuona.

"Iwe, zitsukika!" ananong'oneza Nkhanga.

"Zitsukike ziti? Ine ndalephera kawiri. M'mutu muno mulibe kanthu."

Nkhanga anaganiza pang'ono. "Inetu mwanganso ndi momwemo." Anamwa. Mbewa anamwa, Gwape anamwa, ngakhale Nungu wamanyazi anamwa. Kenaka Gologolo anatunga chikho chodzaza, madzi ozizira bwino, n'kupita nacho kwa Njati. Chitafika pamphuno penipeni, anachibweza.

"Pepani akulu, ndinaiwala. Inu nzeru zanu n'zambiri, zingatsukike. Munatiphunzitsa ndinu."

"Eee... ndi zoona," anatero Njati, akumeza malovu, gwi. Akanatani? Kumwa kunali kuvomera bodza pamaso pa tiana.

Mayeso anayamba. Ana ankati akalembalemba, n'kukamwa, akalembalemba, n'kukamwa. Gologolo anadabwa: mutu uli mbee, samu zikungobwera zokha ngati nkhuku zomva gaga. Koma Njati, thupi lonse lija lozolowera mtsuko wathunthu, thukuta linali kamukamu, lilime gwa. Manambala anayamba kuvina papepala.

A Nang'omba anayandikira. "Monitala, pepala lako n'loyera bwanji? Tayankha pakamwa. Ziwiri kuphatikiza ziwiri?"

"Madzi."

"Wati chiyani? Nanga nkhuku ili ndi miyendo ingati?"

"Madzi, aphunzitsi!"

Basi manyazi anathera pomwepo. Njati anadzambatuka, n'kuthamangira kutsogolo, n'kupendeketsa mtsuko pakamwa. Munatuluka kadontho kamodzi, tho! Ana anali atamwa onse. Sukulu yonse inafa nacho chiseko, ndipo a Nang'omba atafunsa chosekedwa, Nkhanga anaulula zonse.

Tsiku lotsekera, Gologolo anamva dzina lake pa okhoza. Mbalame za kumapira zinadikira pachabe. Njati anabwereza kalasi, umonitala n'kumulanda. Gologolo anamupeza atazyolika patsinde pa mlambe, n'kumusisita bondo, poti paphewa sakanafika.

"Musadandaule, akulu. Nzeru zanu zonse zili momwemo. Palibe ngakhale imodzi imene yatsukika."

Nthano yanga yaphwera pamenepa, kaphuleni mbatata zija zisanasanduke makala. Munthu akakuuzani kuti madzi ndi oipa, muyambe mwamuyang'ana kukamwa ngati kuli kouma. Ndipo iwe Tayamika, botolo lako lija limapita kusukulu lodzaza n'kubwerako lodzaza, ukusungira Njati uti?