Ng'ombe za Hilary

Sitima ikaima pa Nkaya, Bernadetta ankathamanga ndi dengu la zitumbuwa m'mbali mwa mabogi. Zitumbuwazo n'zimene zinkalera mwana wake Ethel chichokere bambo wake, Hilary, amene anangonyamula zovala nkuulapo ngati mlendo. Koma zitumbuwa zingalipire fizi? Aphunzitsi anamubweza Ethel kawiri, ndipo kachitatu anati asabwerenso. Msungwana wanzeru chotere nkumatuwa pakhomo! Bernadetta zinamuwawa, nakasuma kukhoti ku Balaka kuti bambo azithandiza mwana wake.

Hilary sanali wosauka, iyayi. Anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka, ndipo nyengo ya thonje alimi ankachita kumulimbirana. Atangomva za samani, anakusa ng'ombe ndi ngolo yomwe nkukazisiya kwa msuweni wake Jimu ku Rivirivi. Anapangana kuti wofunsa aliyense aziuzidwa kuti n'za Jimu, Hilary ndi waganyu chabe.

Chonsecho mkuluyu anali akufunsira mbeta kwa Nsamala, ndipo kumeneko nyimbo inali ina. Anauza malume ake a mkaziyo kuti ng'ombe n'zake, ngolo njake, mwana wawo sadzasenzanso mtolo pamutu.

Tsiku la mlandu Bernadetta anafika khadi la chipani lili m'manja, poti masiku amenewo wopanda khadilo sankaloledwa kulowa, mtima uli m'mwamba. Ataona Hilary anachita kumuyang'ana kawiri. Munthu wokonda kutchena uja anabwera ndi malaya ong'ambika paphewa, kuphazi kuli mbee, nkhope yomvetsa chisoni. Anauza atcheyamani a khoti kuti mwana amamukonda, koma m'manja mulibe kanthu, nayenso amadyera kwa Jimu. Jimu, amene anabwera ngati mboni yake, anavomera ndi mutu. Bernadetta analumbira kuti ng'ombezo anazidyetsapo yekha madeya, koma mboni analibe. Ataona atcheyamani akuyang'ana malaya aja mwachifundo, anadziwa kuti sukulu ya Ethel yathera pompo.

Chimene Hilary anaiwala n'chakuti eni mbumba sapereka mwana wawo asanafufuze mmene mwamuna anachokera ku banja loyamba. Malume aja anali atapalasa njinga kudzamvera okha, ndipo anakhala phee pa benchi yakumbuyo. Anaimirira, chipewa chili m'manja, napempha kufunsa kamodzi kokha.

"A Hilary, kwathu munati ng'ombe n'zanu. Pano mukuti n'za a Jimu. Ndikauze chiyani mlongo wanga?"

Thukuta linamutsika Hilary. Akati n'za Jimu, mbeta yapita. Akati n'zake, khoti lamva. Anayang'ana Jimu, Jimu nkuyang'ana kudenga.

"N'zanga, malume," anatero chapansipansi. "Ndinangozisungitsa."

Anthu anafa nalo phwete mpaka mesenjala anachita kumenya tebulo. Atcheyamani sanaseke. Anagamula kuti Hilary azilipira fizi ndi yunifolomu ya Ethel mpaka amalize sukulu, azipereka chimanga pokolola paliponse, ndipo chimangacho azikatula yekha ku Nkaya pa ngolo yomweyo. Za bodza lija anamulipitsanso padera.

Panja Hilary anathamangira malume aja, akumwetulira mwamanyazi, kuti poti zoona zadziwika nkhani ya ukwati ipitirire. Mkuluyo anakwera njinga yake osafulumira.

"Wobisira mwana wake chakudya, wa ife adzamutani? Musavutike kubweranso."

Bernadetta anakhala pansi pa mtengo wa mango nkupuma mpweya wautali, misozi ikutsika koma akuseka. Katundu amene anamulemera chaka chonse anali atamutula. Lolemba Ethel anabwerera kusukulu, ndipo pokolola ngolo inafikadi pa Nkaya, mwini wake atawerama, amayi a zitumbuwa akuimbira nthungululu ng'ombe "za Jimu" zija.

Hilary anafuna kubisala mu umphawi kukhoti ndi mu chuma kuchibwenzi, mvula nkumupeza pakati. Paja akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.