Basela wa Sungeni

Panali mayi wina wachitsikana ku Chilomoni, dzina lake Sungeni, amene ntchito yake anansi ankalephera kuifotokoza. Iye ndi anzake atatu anapanga masewera a pa foni, aja oti anthu amakumana pa intaneti, aliyense akuyendetsa mlenje wake ndi zala. M'masewera amenewo mlenje amayamba ndi chibonga chokha. Amapatsidwa ganyu: kuthamangitsa anyani m'munda, kuperekeza amalonda kutchire, kuchotsa afisi pa mlatho. Akamaliza amalandira mphotho, n'kukwera makwerero, kuchokera pa loyamba mpaka la makumi asanu.

Gawo la Sungeni linali kuyeza mphothozo, ndipo ankazidziwa. Mphotho ikachepa, anthu amatopa n'kusiya. Ikachuluka, amakhuta n'kusiyanso. Pa mndandanda wake panali kadanga kamene anakatcha basela, pokumbukira malemu mayi ake amene ankagulitsa tomato pamsika. M'kadangako ankaikamo kanthu kakang'ono koonjezera, koti wosewera amwetulire.

Sungeni anali ndi mlongo wake wamkulu, Malizani, wokhoma madenga a nyumba. Tsiku lina anaponda phaso lofumbwa, nagwa, nathyoka fupa la m'ntchafu. Kuchipatala anamuika chitsulo, ndipo patapita miyezi anamupatsa ndodo ziwiri. Anamuuza kuti fupa lalumikizana, chatsala n'kuyenda, ndipo akapanda kuyamba msanga mwendowo udzauma mpaka kalekale. Malizani anangogwedeza mutu. Atafika kunyumba anaimika ndodozo kuseri kwa chitseko, n'kugona moyang'ana khoma. Munthu amene ankayenda pamwamba pa nyumba akuimba mluzu anasanduka wonyamulidwa popita kubafa, ndipo sankalankhula ndi aliyense.

Sungeni anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, osaphula kanthu. Pomaliza anangomuikira masewera aja m'foni, n'kuisiya pambali pa pilo.

Zinagwira. Patapita masiku ochepa, m'chipindamo munayamba kumveka munthu akutukwana anyani. Sungeni anali asanasangalalepo ndi kutukwana ngati mmene anasangalalira sabata imeneyo. Malizani anakwera pang'onopang'ono mpaka pa khwerero lachisanu n'chimodzi, pamene pali ganyu ya afisi atatu a pa mlatho. Pamenepo anakakamira. Tsiku loyamba afisi anamudya. Tsiku lachiwiri anamudyanso. Tsiku lachinayi Sungeni anasuzumira pakhomo, naona mlongo wake atakwinya nkhope, thukuta lili pamphumi, ndipo chisoni chinamugwira. Anati mumtima: munthuyu wavutika kokwanira, kodi avutikenso ndi afisi anga ojambula?

Apa m'pamene katswiri anaiwala ntchito yake. Anatsegula kompyuta, napeza dzina la mlenje wa Malizani, ndipo m'kadanga ka basela anathiramo osayeza. Anamupatsa mkondo umene ena amaukhetsera thukuta miyezi itatu, ndi chishango chosaboola, n'kumukweza kuchoka pa khwerero lachisanu n'chimodzi kufika pa la makumi anayi. Sanauze munthu.

Malizani anayesa ndi mwayi. Afisi aja anafa ndi mkondo umodzi. Koma tsiku lotsatira osewera ena atatu, ataona zida zakezo, anamupempha kuti awatsogolere kukapha chilombo cha kuphanga, ganyu ya akuluakulu. Anapita. Chilombo chija chisanalume chimagwetsa kaye mutu pansi, ndipo wosewera aliyense amene anadutsa pa mlatho wa afisi ndi mphamvu zake amadziwa kuti nyama ikatero umalumphira kumbali. Ndicho chimene afisi anaikidwira pamenepo, kuti aphunzitse zala. Malizani sanaphunzire. Anaima chilili ndi mkondo wake wonyezimira, chilombo chinamupha, kenaka chinamaliza anzake onse atatu. Mmodzi mwa iwo anamulembera kuti: “Akulu, mlenjeyu mwabwereka kwa ndani?”

Malizani sanali wopusa. Sungeni atalowa ndi tiyi, anapeza foni ili pansi, iye atatembenukiranso kukhoma.

“Ndiwe eti?” anafunsa osacheuka.

“Ndine, achimwene. Ndimafuna musangalale.”

“Kubafa mumandinyamula. Pabedi mumandinyamula. Ndimati kumeneku kokha ndiye ndikuyenda ndekha.”

M'nyumbamo munabwerera zii, ndipo ulendo uno Sungeni ankadziwa kuti wabweretsa ziiyo ndi iyeyo. Masabata anali kutha, mwendo unali kuuma, ndipo khomo limodzi limene linatseguka analitseka ndi manja ake. Anachita mantha kwambiri.

M'mawa wina akupanga phala, anakumbukira manja a mayi ake pamsika. Munthu ankagula mulu wa tomato, iwo n'kuikapo mmodzi pamwamba. Mmodzi basi, pamwamba pa mulu umene munthu wadzigulira yekha. Sanaonepo mayi ake akukhuthulira dengu lonse m'thumba la munthu amene wagula tomato mmodzi. Akanatero, wogulayo akanayang'ana zovala zake kuti aone chimene chikumuonetsa ngati wopemphetsa.

Anazimitsa mbaula, natsegula kompyuta. Anachotsa mkondo. Anachotsa chishango. Anatsitsa mlenje uja kumubwezera pa khwerero lachisanu n'chimodzi, ndi chibonga chake chakale, kutsogolo kwa mlatho. Chala chinayendera pa afisi aja, chikufuna kuchotsako mmodzi yekha kuti atsale awiri. Anachibweza. Kenaka anatola foni, naiika pambali pa pilo.

“Achimwene, ndinalakwa. Ndachotsa zonse zimene ndinaikamo. Zatsalazo ndi zanu, ndipo afisi alipo onse atatu. Sindidzakhudzanso.”

Malizani sanatembenuke. Tsiku linapita, lina linapitanso. Sungeni ankagwira ntchito pakhonde, koma makutu ali kuchipinda. Anadzifunsa kambirimbiri ngati sanangolanda wodwala kanthu kotsiriza kamene anali nako.

Tsiku lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo, anamva mawu.

“Sungeni!”

Anadzambatuka, koma anaima. Mawu a ululu a mlongo wake ankawadziwa, ndipo awa sanali amenewo. Awa anali aja ankakalipira nawo anzake padenga akakhoma msomali mokhota.

“Sungeni! Tabwera kuno!”

Anagwira mpando ndi manja onse awiri kuti asathamangire kuchipinda. “Ndili pakhonde, achimwene. Manja atanganidwa.”

Anadikira mpaka anayamba kudziona ngati wouma mtima. Kenaka bedi linalira. Chitseko chinalira. Ndiye kunamveka go, kenaka phazi likukwekwereza, go, n'kukwekwerezanso. Kuchokera kuchipinda kufika pakhonde ndi mapazi khumi ndi awiri okha, koma Sungeni anawawerenga onse osapuma mpweya.

Malizani anatulukira pakhomo, ndodo zili m'khwapa, malaya atanyowa ndi thukuta, foni ataipana m'thumba la pamtima. Anatsamira mphuthu ya chitseko, akupuma wefuwefu.

“Ndani anaganiza zoika afisi atatu pa mlatho umodzi?”

“Ndine.”

“Ulibe chisoni iwe. Ndawapha onse. Wachitatuyo amagwetsa mutu asanalume, ndamugwira mabodza ake.” Anatulutsa foni, naigwedeza m'mwamba. “Ndiye thukuta lonseli, mphotho yake nsapato? Nsapato basi?”

“Nsapato ndi khwerero limodzi. Onaninso m'thumba la mlenjeyo, muli kachipanda ka madzi. Ndiye basela wake ameneyo. Aliyense amalandira yemweyo.”

“Aliyense?”

“Aliyense, achimwene.”

Malizani anayang'ana foniyo, ndipo anaseka. Kanali koyamba chigwereni padenga. Sungeni anafuna kuseka nayenso koma misozi inatsogola. Anakankhira mpando kwa mlongo wake.

“Usiye,” anatero Malizani. “Ndiima kaye pang'ono.”

Tsono inu amene muli ndi dzanja pa mphotho, kaya mumapanga masewera, kaya mumaphunzitsa, kaya mukusamala wodwala kwanu, imvani. Kumana munthu zimene wakhetsera thukuta n'kulakwa, ndipo zimenezi tonse timazidziwa. Koma palinso kulakwa kwina kumene kumabwera kutavala chifundo: kumudumphitsa pa mlatho umene ukanamuphunzitsa. Mukatero mumamukweza dzina, zala zake n'kuzisiya m'mbuyo, ndipo tsiku limene adzazindikire adzamva kuti munamuona ngati wosatha kanthu. Perekani mphotho yofanana ndi ntchito, ikanipo basela mmodzi pamwamba ndi mtima wonse. Kenaka gwirani mpando wanu, mumulole abwere yekha pakhonde.