Nsapato za Nangondo

Panali dokotala wina pa chipatala chachikulu cha m'tauni, dzina lake Likongwe. Ntchito yake inali ya matenda a pakhungu: zipere, mphere, zilonda zosapola, ndi khansa imene imayambira pakhungu. Ntchito ankaidziwa, apo tisamunamizire. Munthu akangotambasula mkono, iye anali atadziwa kale chimene chamuvuta.

M'chipinda choyang'anizana ndi chake munali dokotala wina, mayi, dzina lake Msukwa. Awiriwa anaphunzira limodzi, ndipo kusukuluko Likongwe ndiye ankakhala woyamba. Zimenezi sankaziiwala, ndipo sankalola kuti ena aziiwale.

Tsono madokotala a mtundu umenewu sikuti amangopereka mankhwala ayi. Amachitanso kafukufuku, n'kulemba zimene apeza m'mapepala oti madokotala a maiko ena awerenge. Ndipo ali ndi mwambo wawo. Ukatengako nzeru papepala la mnzako, uyenera kutchula dzina lake kumapeto kwa pepala lako. Kompyuta imasunga kuti dzina la uje latchulidwa kangati. Wotchulidwa kwambiri ndiye wamkulu. Ndiye amaitanidwa ku misonkhano ya kunja, ndiye anthu amamuimirira akalowa.

Likongwe anali atalemba mapepala makumi atatu ndi mphambu zinayi, ataliatali, a mawu olemera. Anthu ankawatchula mwa apo ndi apo. Msukwa anali nawo asanu ndi awiri okha. Koma mwa asanu ndi awiriwo munali kamodzi kakafupi, ka masamba atatu, konena chinthu choti ngakhale ine ndi inu tikhoza kuchimva. Kankati pali khansa ina imene mwa ife anthu akuda imakonda kubisala kunsi kwa phazi. Imayamba ngati kadontho kakuda kosapweteka, mwini wake n'kumati ndinaponda munga. Ukakapeza msanga umangokadula, munthu n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Ukachedwa kamalowerera m'thupi. Choncho aliyense wolowa kwa dokotala wa khungu, ngakhale wabwerera zipere za m'mutu, muvuleni nsapato muone kuphazi.

Basi, nkhani yonse inali yomweyo. Koma kapepalako kanayenda. Dzina la Msukwa linatchulidwa maulendo zana limodzi, kenako mazana atatu, kenako anthu analeka kudabwa.

Likongwe yekha ndiye sanaleke. M'mawa uliwonse, asanasukusule, ankatsegula foni. Sankayamba ndi dzina lake ayi, ankayamba ndi la mnzakeyo. Akapeza kuti lakwera, tiyi ankamumva kuwawa.

"Kuvula munthu nsapato ndi kafukufuku?" anatero tsiku lina kwa mkazi wake. "Ngakhale wogulitsa nsapato mumsika amachita zimenezo."

Mkazi wake anali akupesa mwana. Sanatukule n'komwe mutu. "Nanga poti n'zophweka, bwanji simunalembe ndinu, abambo a Lonjezo?"

Tsiku limenelo anapita kuntchito osatsanzika.

Chimene chinkamubaya koposa chinali chakuti kuvula nsapato kuja kunapatsidwa dzina. Pachipatala ponse ankangoti za Msukwa. Anamwino ankafuula m'khonde, "Agogo, za Msukwa mwachita?" Odwala okhala pa benchi ankamasuliratu zingwe asanaitanidwe. Likongwe podutsa m'mawa ankaona nsapato zili ndandanda, ndipo kwa iye nsapato iliyonse inali ngati ikutchula dzina lija.

Mumtima ankadziwa kuti mnzakeyo akunena zoona. Mapazi otere anali atawaonapo. Poyamba ankawasuzumira mwakachetechete, namwino akatuluka. Koma tsiku lina akuluakulu a chipatala anamata chithunzi cha phazi pa chitseko chilichonse, dzina la Msukwa lili mmunsi mwake. Anamatanso pa chitseko cha Likongwe. Iye anachimatula, n'kuchipinda kanayi, n'kuchiponya m'bini.

M'mawa womwewo kunabwera mayi wina wochokera kumudzi wakutali, dzina lake Nangondo. Anali ndi khanda kumbuyo. Anabwerera khosi, limene linkamuyabwa kwa miyezi iwiri. Anali atavala nsapato zake zakuda za kutchalitchi, zothina, poti munthu sapita ku chipatala chachikulu ndi mapatapata. Anali atamva kwa anzake kuti kumeneko amavula nsapato, choncho mapazi anali atawakwecha ndi mwala mpaka kuyera.

Likongwe anayang'ana khosi. Zipere basi. Analemba mafuta odzola m'buku la mayiyo, n'kudinda.

M'chipindamo munali namwino watsopano, amene anali asanadziwe mtima wa dokotala wake. Anagwada pamaso pa Nangondo n'kunena, "Mayi, tichite za Msukwa."

Nangondo anali atatulutsa kale chidendene cha kumanzere. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu.

"Sisitala, dzukani," anatero Likongwe. "Muno ndi mwa Likongwe. Za Msukwa muzikachita kwa Msukwa."

"Koma adokotala, ndi kanthawi kochepa chabe."

"Mwauona mzere panjapo? Itanani wina."

Mukudziwa mmene timachitira ife tikamva munthu wamkulu wakweza mawu. Nangondo anatseka pakamwa. Anabwezera chidendene mu nsapato, n'kuwomba m'manja kuthokoza, n'kumanga bwino khanda lake, n'kutuluka. Likongwe anachiona chidendenecho chikubwerera. Anachiona ndithu. Ndipo mumtima anamva kakukoma, ngati wagwetsa munthu pa mpikisano.

Panapita miyezi isanu ndi inayi. Mvula inabwera, chimanga chinamera. Likongwe anatulutsa pepala lina, anthu awiri analitchula.

Tsiku lina masana Msukwa anagogoda pa chitseko chake. M'manja anali ndi buku la kuchipatala lokutidwa ndi pepala la shuga. Analitsegula, n'kuliika patebulo.

"A Likongwe, dzanja ili ndi lanu?"

"Ndi langa."

"Chidindonso?"

"Mukuchiona nokha. Kwagwanji?"

"Tabwerani muone phazi."

Likongwe anawoloka khonde lija, limene anali asanaliwoloke kwa zaka zitatu. Pa bedi panali mayi wowonda, mwana woyamba kumene kuyenda atagwirira chitenje chake. Kunsi kwa phazi la kumanzere kunali chilonda chakuda bii, chachikulu ngati chikhatho cha mwanayo. Pamwamba pa ntchafu panali mwanabere wolimba ngati mwala. Likongwe sanafunikire kuuzidwa. Paja ntchito ankaidziwa.

Nangondo anamuzindikira, nkhope yake n'kuwala. Anawomba m'manja.

"Adokotala anga aja! Mafuta anu anathandizatu. Taonani, khosi linapola lonse."

Likongwe anangogwedeza mutu.

"Kaphazi aka nthawi ija kanali ngati nyemba. Ndimati ndikuonetseni, koma ndinaona kuti mwatanganidwa."

Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu wopepesa.

Madokotala anamudula mwendo Nangondo, koma matenda anali atadutsa kale. Chimanga chisanaume m'munda, Nangondo anamwalira. Mwana uja anasiyira kuyamwa pamsana pa azakhali ake.

Mayiyo asanamwalire, Msukwa anamupempha kuti ajambule phazilo ndi kulemba nkhani yake. Iye anati, "Jambulani, ena aone asanachedwe." Ndiye Msukwa analemba kapepala kena, kakafupinso. Pakati pake panali mzere umodzi wonena kuti wodwalayu anaonedwa ndi dokotala wina wa khungu miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo, koma sanavulidwe nsapato.

Kapepala kameneko kanayenda kuposa koyamba kaja. Kanafika m'masukulu a udokotala a maiko amene Likongwe ankangowalota. Aphunzitsi ankawerengera ophunzira mzere uja n'kunena kuti musadzakhale ngati dokotala ameneyu.

Likongwe anakawerenga ali yekha, atakhoma chitseko. Anafika pa mzere uja, n'kuima. Kenako anatsitsa chala kumapeto, kumene kumakhala maina. Anawerenga kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Lake panalibe. Msukwa anali atamufunditsa.

Anapuma, mtima n'kukhala pansi. Koma pansi pa mpumulowo anamva kena kake kakuluma, kakalekale kaja. Kanati: waona? Ngakhale pano sanakutchule.

Apo ndi pamene anachita mantha. Sanaope akuluakulu a chipatala, sanaope Msukwa. Anadziopa yekha. Mayi wafa, mwana watsala, iye akufunafunabe dzina lake.

Akuti masiku ano salola namwino kugwada. Amagwada yekha, ndi jekete lake loyera, n'kumasula zingwe za wodwala aliyense. Amati, "Tichite za Msukwa," ngakhale dzinalo limamutulukabe movutikira. Mapazi angapo wawapulumutsa. Koma la Nangondo palibe.

Tsono amayi anzanga, musati izi n'za anthu ophunzira. Ife mapepala tilibe, koma kanthu kaja tili nako. Mnzako wa khomo loyandikana wapeza kaphikidwe ka phala kamene mwana wake wanenepa nako, iwe ukukana kuthira nsinjiro chifukwa anthu adzati watengera kwa uje. Alamu ako akuuza kuti kachotupa ka mwanayo pita nako kuchipatala, iwe wakhala dala sabata ziwiri chifukwa wanena ndi iwo. Ukuganiza kuti ukumulanga. Iye akugona bwinobwino, sakudziwa n'komwe kuti muli pa mpikisano.

Nsanje ya Likongwe sinachotse ngakhale tsitsi limodzi pamutu pa Msukwa. Inadula mwendo wa munthu amene anangobwera ndi khosi loyabwa, atakwecha mapazi ake.

Ndiye mukamva chinthu chabwino chikuchokera pakamwa pa munthu amene mumamuchitira kaduka, musayang'ane iyeyo. Yang'anani pansi. Pali wina watulutsa kale chidendene, akudikira kuti muone.