Ng'oma ya Che Lajabu ndi Phazi la Che Silaji

Che Lajabu anafika pakhonde la Shehe Bwanali titangotuluka mu swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, ng'oma ili kukhwapa, nkhope ili ndwii. Ine ndimaphunzitsa ana kumadrasa ya pa Ntaja, ndipo ndinali pomwepo pamkeka.

Bamboyu anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi dufu yonyezimira, kang'oma kam'manja kaja timaimba pa Ziyala, mdipiti wa chaka ndi chaka wokumbukira kubadwa kwa Mtumiki. Kuimba sankadziwa n'komwe, koma ankafuna chaka chomwecho akhale kutsogolo kwa mdipiti. Masabata awiri m'mbuyomo Shehe anali atamuonetsa poyambira: chikhatho pakati kuti du, zala m'mphepete kuti ta. Atatero anamutuma kuti tsiku lililonse aziperekeza Che Silaji, nkhalamba yotsimphina, kuchoka kunyumba mpaka kumzikiti, n'kumamenya kamodzi kokha phazi la nkhalambayo likaponda pansi.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Lajabu. Mkeka uwu, khalani."

"Pepani, sindikhala. Masabata awiri, Shehe! Ine munthu wa ndevu zanga, du, kudikira, du, kudikira. Akabaza akumandiimbira belu, amayi apamsika akufunsa ngati ndalembedwa ntchito yoweta nkhalamba. Ndinabwera kudzaphunzira ng'oma, osati kudzasanduka choseketsa. Ziyala yatsala masiku asanu ndi anayi. Ngati simukufuna kundiphunzitsa ingonenani, ndikapeze ena ku Liwonde."

Ine magazi anawira. Munthu wadzulodzulo, wosadziwa ngakhale kuwamba chikopa pamoto, kuyankhula ataimirira pamaso pa munthu amene anaphunzitsa ng'oma dera lonseli! Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zoti ng'oma yogula sibwera ndi manja ake, koma Shehe anandigwira bondo.

"Mwanena zoona, kusekedwa kumapweteka," anatero Shehe. "Tatiimbireni mmene mtima wanu ukufunira."

Che Lajabu sanadikire kuuzidwa kawiri. Abale inu, ngati matalala padenga lamalata! Nkhuku zinabalalika pabwalo. Atamaliza anapukuta thukuta n'kutiyang'ana ngati tiwomba m'manja.

"Mphamvu Allah anakupatsani," anatero Shehe. "Nanga pamenepa Che Silaji akanaponda kangati?"

"Aaa, Shehe, kodi Ziyala ndi ya Che Silaji okha?"

"Si yawo okha ayi. Koma chaka chatha inu kunalibe, ndiye ndikuuzeni. Oimba ng'oma anatenthedwa ataona anthu ali mbwee m'mbali mwa msewu. Ng'oma zinathamanga, mapazi n'kuzitsatira. Che Silaji, amene anayamba kuyenda Ziyala inu musanabadwe, anatsalira pamlatho. Anakhala pansi pa mtengo wa mango okhaokha, mkanjo uli fumbi lokhalokha. Pofika kumzikiti anapeza duwa, pemphero lotsekera lija, yatha, mbale akutsuka. Anandiuza kuti sadzayendanso. Ine ndinali kutsogolo ndipo sindinacheuke, Allah andikhululukire."

Apa ndinaweramitsa mutu. Amene ankatsogolera ng'oma tsiku limenelo ndinali ine, ineyo amene ndimafuna kudzudzula mnzanga. Shehe sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Manyazi anandigwira, mkwiyo wonse uja n'kunditembenukira ndekha.

Che Lajabu anakhala pansi tsopano, koma mtima unali usanatsike.

"Ndamva, Shehe. Koma bwanji ine? Muli ndi anthu odziwa kale. Ine mwangondiona wosadziwa kanthu, ndiye mwati uyu azikhala kumbuyo ndi okalamba."

"Wanena zakumbuyo ndani?" anafunsa Shehe mofatsa. "Odziwa kale manja awo anazolowera kuthamanga. Ndayesa kuwabweza, akumafatsa pang'ono n'kuyambiranso. Anu ndi atsopano, sanaphunzire choipa chilichonse. Chaka chino Che Silaji ndikuwaika kutsogolo, ndipo ng'oma zonse zidzatsatira ya munthu woyenda pambali pawo."

Che Lajabu anayang'ana dufu yake, n'kuyang'ana Shehe.

"Koma mwati anakana kuyenda."

"Anakanadi. Dzulo adzukulu awo awachapira mkanjo, uli pachingwe pano tikunena. Che Silaji akuti ngati woimba ndi Lajabu ayendanso, chifukwa ng'oma yake imawadikira. Oimba mothamanga ndili nawo khumi, Che Lajabu, koma wodziwa kudikira phazi la munthu ndili naye mmodzi. Ku Liwonde pitani ngati mwatsimikiza, sindikuletsani. Kungoti mudzere kwa Che Silaji, mukawauze nokha kuti mkanjo uja aupinde."