Bambo a wazisudzo sanaonere sewero

Mu shedi ya mmisiri wa mabokosi a maliro munalibe kanema, kunyumba kwakenso analibe, ndipo mwini wake ankazinyadira zimenezi ngati digiri. Zaka makumi atatu akupala matabwa, iye ankati kanema ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Tsoka lake linali lakuti mwana wake wachisamba, yemwe anamuphunzitsa yekha kugwira sowo ndi hamala, anasiya matabwa n'kukakhala wazisudzo pa kanema yemweyo.

Sewero limene linamutchukitsa mnyamatayo linali lanthabwala, koma nthabwala zake zakuda bii, zoseka imfa ndi maliro. Iye ankasewera ngati mmisiri wa mabokosi. Anthu analikonda mpaka kukangana. Pa masamba a mchezo ena ankati mnyamatayu ndi katswiri, ena ankati sewero lotere ndi la anthu opanda umunthu, koma onsewo Lamlungu likafika sankaliphonya.

Nkhani zonsezi zinkafika mu shedi kudzera pakamwa pa mlamu wake wa mmisiriyo, woyendetsa takisi, munthu woti akamva mawu awiri amakafikitsa khumi.

"Alamu, mwatchukatu," anatero tsiku lina m'mawa, atakhala pa bokosi losamaliza. "Mwana wanu wakuvulani pagulu. Ambulansi ikadutsa, iye amatikita manja n'kumati kasitomala uyo. Akapita kukaona odwala amatenga tepi yoyezera m'thumba. Ndipo anthu akuti ndi inu ndendende, kayendedwe, kutsokomola, ngakhale pensulo ya kukhutuyo."

Mmisiri anachotsa pensulo kukhutu n'kuiponya pansi. Mtima unamuwira. Ntchito yake inali kale yovuta kuinyamula: anthu ena ankaopa kumugwira chanza, ena ankanong'ona kuti amapempherera imfa. Dzina labwino analimanga movutikira, ndiye lero mwana wobereka yekha alisandutse choseketsa?

Mkazi wake, yemwe ankaonera seweroli kwa aneba, anayesa kumubweza. "Abambo, si mmene akunenera achimwenewo ayi. Tiyeni Lamlungu mukaone nokha."

"Ndikaone chiyani? Ndikakhale pampando wa eni ake kuonera mwana wanga akunditukwana? Makutu ndili nawo, andikwanira."

Mwana uja atamva kuti kunyumba kwayaka moto, anabwera yekha, foni ili m'manja. Anaima pakhomo la shedi mwaulemu.

"Bambo, gawo limodzi lokha. Mphindi makumi awiri. Mukaona kuti ndakunyozani, ndisiya lero lomwe."

"Chotsa chinthu chakocho pamaso panga," anakalipa bambo ake. "Dzanja limene linakudyetsa ndi limene ukuliseka. Tuluka."

Apa m'pamene munthu wanzeru akanagona nayo nkhani. Koma mkwiyo wa munthu wouma mutu sufuna umboni, umafuna omvera. Mmisiri anauza mlamu wake kuti amujambule pa foni, ndipo mlamuyo sanadikire kuuzidwa kawiri. Mmisiri anaima pakati pa mabokosi, maso ali psuu, n'kunena kuti iye ndiye bambo a wazisudzo uja, kuti seweroli ndi chipongwe kwa iye ndi kwa onse ofedwa, ndi kuti alibenso mwana wotero.

Pofika madzulo kanema wa mkulu wolusayo anali m'foni ya aliyense. Otsatira sewero aja, omwe dzulo lake ankati mnyamatayu ndi katswiri, anatembenuka ngati si omwewo. "Ine ndinaona kale kuti ali ndi nkhope yankhanza." "Munthu wonyoza bambo ake angatiseketse chiyani?" Oikira kumbuyo analipo, koma mawu awo anamira. Makampani otsatsa malonda anachoka mmodzimmodzi, ndipo pasanathe mwezi akuluakulu a kanema analiimitsa sewerolo. Wina aliyense wopanga mafilimu anayamba kumuthawa mnyamatayo.

Mnyamatayo anabwera kudzatsanzika mayi ake, chikwama chili kumsana, akupita kutali kukafuna ntchito ina. Kwa bambo ake ananena mawu awiri okha: "Mukanangoonera, bambo." Mmisiri anapitiriza kukhoma msomali, osatembenuka.

Patapita miyezi isanu, mmisiri anapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Mzere unali wautali, ndipo pakhoma panali kanema woonetsa masewero akale. Atakweza maso anaona nkhope ya mwana wake, pensulo ili kukhutu. Anafuna kutuluka, koma akanataya malo, choncho anakhala, nsagwada zili gwa.

Ambulansi inadutsadi, mmisiri wa m'seweroyo anatikitadi manja, ndipo odwala pabenchi anaseka. Koma sewero silinathere pamenepo. Munalowa mayi wofedwa mwana wakhanda, wopanda womuperekeza. Mmisiri uja nthabwala zinamuthera. Anamupatsa mpando, anatseka chitseko, n'kuyamba kupanga kabokosi. Atamaliza kunja, anatenga sandipepa n'kumasalaza m'kati, momwe palibe diso lidzaonemo. Mayiyo atamufunsa chifukwa chake, iye anayankha osakweza mutu: "Akufa sadandaula, mayi. N'chifukwa chake sitiwanyenga."

Mmisiri weniweni anauma pabenchi. Mawu amenewo anali ake. Anawanena kamodzi kokha, kalekale, kwa mwana wake, tsiku limene anamupeza atasiya m'kati mwa bokosi muli mokakala. Iye mwini anali atawaiwala.

Mayi wina wachikulire amene anakhala naye pafupi anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, n'kumugunda ndi chigongono.

"Mwaona, bambo? Mwana ameneyu analeredwa ndi munthu. Koma akuti bambo ake omwewo ndi amene anamuthetsera ntchito. Chitsiru cha munthu, Mulungu andikhululukire."

"Chitsirudi," anatero mmisiri.

Sanadikirenso dokotala. Panja anaimba nambala ya mwana wake katatu, ndipo katatu konse anauzidwa kuti nambalayo sikugwiranso ntchito. Mkwiyo unabweranso, ukufuna wina woti umugwere. Anakamupeza mlamu wake poimikira matakisi.

"Alamu, sewero lija munkalionera mpaka kumapeto?"

Mlamuyo anakanda m'mutu. "Aaa, nthawi yake ndiipeza kuti, alamu? Ine ndinkangoona tizidutswa ta pa foni, ndi zimene anthu ankalemba pansi pake."

Mmisiri anakweza dzanja, koma analibweza. Akanamumenya bwanji munthu amene anangochita zomwe iye mwini anamulola? Mkazi wake anamuitana kuti akaone, iye anakana. Mwana wake anamubweretsera pakhomo penipeni, iye anamuthamangitsa. Mphindi makumi awiri zokha anazikaniza, ndipo zinamudyera mwana.

Akulu sananame: kandimverere anakanena za m'maluwa.