Mnofu wa Nyama ya Dzoole

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mayi dzina lake Nachisale. Mwamuna wake, Dzoole, anali mkamwini wofatsa, katswiri wotchera misampha. Nachisale anali ndi mchimwene wake, Kamtedza, koma anakangana naye chifukwa cha dimba mpaka anamupirikitsa. Kamtedza anachoka pamudzi osamvekanso.

"Womutchula dzina m'nyumba muno alongedze," anatero Nachisale.

Tsono tamverani. Patapita zaka, Dzoole anayamba kubwera ndi nyama yodabwitsa. Mutu ulipo, ziboda zilipo, nthiti zilipo. Koma mnofu, nyama yofewa ija yopanda fupa, palibe.

"Abambo a Tiyese, mnofu wa insayi uli kuti?" Nachisale anafunsa mwamuna wake.

"Inali yowonda."

Tsiku lina: "Nanga wa gwapeyu?"

"Akhwangwala anafika ine ndisanafike."

Tsiku linanso: "Nanga wa nguluweyi?"

"Linthumbu linadya."

Nachisale anatembenuza fupa, naona mizere ya mpeni. "Linthumbu la masiku ano likuyenda ndi mipeni," anatero.

Kuyambira pamenepo mtima wa Nachisale sunakhazikike. Kuchitsime ankayang'anitsitsa akazi anzake. Uyu wanenepa ndi chiyani? Uyu akusekerera chiyani? Uyu milomo ikunyezimira ndi mafuta a ndani?

M'mawa wina anatsatira mwamuna wake chapatali. Anamuona akuwonjola insa pamsampha. Anamuona akulengula mnofu wokhawokha, kuuwotcha, kuukulunga m'masamba a nthochi. Kenako Dzoole anawoloka mtsinje, napachika phukusilo pamtengo pafupi ndi kanyumba kena ka udzu. Anaimba likhweru, nabwerera kumisampha yake.

"Eya, ndiye kuno kwa mkazi mnzanga," anatero Nachisale.

Chapafupi panali nkhadze. Anathyola nthambi, nadonthezera utomoni wake woyera uja mumnofu, nakulunganso bwinobwino. "Adye, milomo itupe, ndimudziwe." Atatero anabisala patchire.

Chitseko chinatseguka. Sanatuluke mkazi ayi. Anatuluka bambo wowonda, woyendera ndodo, miyendo ikunjenjemera. Anatsitsa phukusi, nakhala pansi atafulatira, nayamba kudya ngati munthu amene wagona ndi njala. Nachisale anadabwa. Kodi ameneyu ndani? Bamboyo anatsokomola, nagwira pakhosi, natembenuka.

Anali Kamtedza.

"Achimwene, lavulani! Lavulani!"

Koma anali atameza kale. Anagwa pansi, misozi ikutsika, dovu kukamwa. Nachisale analira mokweza mpaka Dzoole anamva, nabwera akuthamanga.

"Mwawachita chiyani alamu?"

"Nkhadze! Ndimayesa muli ndi mkazi kuno!"

"Mkazi wanji? Ndinawapeza akudwala, mano atagweluka. Fupa sangalithe, n'chifukwa chake ndimawasiyira mnofu."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanawatchula bwanji? Munati wowatchula alongedze."

Nachisale anabereka mchimwene wake kumsana, nawoloka naye mtsinje, anthu akumuyang'ana njira yonse. Sing'anga anamumwetsa mizu, anamusanzitsa, anamupulumutsa. Moyo unatsala, koma mawu anapita. Pakhosi panali patapsa.

Nachisale anamumangira nyumba pafupi ndi yake. Ankamuphikira phala, kumuchapira, kumuwotchera mbatata. Nthawi zina ankagwada pakhomo pake.

"Achimwene, kodi munandikhululukira?"

Kamtedza ankangomuyang'ana. Kaya maso aja ankati inde, kaya ankati ayi, Nachisale sanadziwe. Anafunsa dzinja, anafunsa chilimwe, anafunsa mpaka tsiku limene anamuperekeza kumanda. Yankho sanalimve.

Ndiye inu amene mwakhala pano, mverani. Ukali umatseka pakamwa pa anzako, ndipo akakhala chete, mtima wako umayamba kukunamiza. Usalange munthu amene sunamuone nkhope, pakuti mnofu umene ukufuna kuwotchawo ungakhale wako womwe.

Nthano yanga ndaidya mpaka pafupa. Yathera pompa.