Sefa Yosada

Kuseri kwa nyumba ya wokonza mawotchi kunatsegulidwa malo a akalipentala, ndipo kuyambira pamenepo utuchi unkalowa m'chipinda chogona ngati wachibale wosadziwa odi. Mkazi wake, amene anali ndi mphumu chibadwire, anayamba kubanika. Dokotala analangiza kuti apeze makina oyeretsera mpweya. Zikakanika, mayiyo akakhale kaye kwa mkulu wake. Mawu omalizawo anamulasa mumtima mwamunayo, pakuti chikwatirane sanagonepo nyumba zosiyana.

Mkulu wa mkaziyo anali nawo makina otere, akale koma amoyo.

"Alamu, tengani angawa, ndikuonetsani kasamalidwe kake," anatero.

"Mkazi wanga azipuma mpweya wotsala kwa ena? Ayi, ndigula atsopano."

Kusitolo, wogulitsa atayamba kufotokoza zoyenera kuchita asanawayatse, iye anamudula mwaulemu. Munthu wotsegula mimba za mawotchi tsiku ndi tsiku, anatero, saphunzitsidwa kudina batani. Atafika nawo kunyumba anawaika pambali pa bedi, nawayatsa. Kanyali kobiriwira kanawala, makina anayamba kulira mofatsa, mtima wake unakhala pansi.

M'mawa uliwonse ankawapukuta ndi kansalu kofewa, kenaka n'kufunsa, "Chifuwa chili bwanji lero, mayi?"

"Pang'onopang'ono, bambo," ankayankha mkaziyo, amene anali ataphunzira kukatsokomolera kubafa pofuna kusamukhumudwitsa. Koma mphumu sibisika ndi ulemu. Milungu itadutsa, chikwama cha ulendo chinatsika pamwamba pa kabati, ndipo mkulu wake anabwera kudzamutenga.

"Ndisanapite naye, ndione kaye mwana wanu wokondedwayu kuti wadya fumbi lochuluka bwanji," anatero mlamuyo, akutsegula chivindikiro chakumbuyo kwa makinawo. Anasuzumira m'katimo. Sefa yogwira fumbi inali yoyera mbee, idakali yokulungidwa m'pulasitiki wake wa kufakitale, moti mpweya sunadutsemo n'kamodzi komwe.

"Alamu, mwagula ng'ombe n'kuimanga pakamwa, ndiye mukudabwa kuti msipu sukutha?"

Mkaziyo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ndipo mwamuna wake, nkhope itagwa, anamusisita pamsana. Kenaka anatenga kalumo kake ka kuntchito, nang'amba pulasitikiyo mosamala, nabwezera sefa m'malo mwake. Pomaliza anafunsa ndi mawu otsika, "Nanga sefayi imasinthidwa liti?"

"Kokani mpando, alamu. Lero mwabadwa."

Chikwama chija chinabwerera pamwamba pa kabati. Posakhalitsa sefa inada bii, chifuwa cha mayiyo chinaphwa, ndipo mwamunayo ankaonetsa alendo kuda kwakeko monyadira, monga mlimi aonetsa zokolola. Pulasitiki uja anamupinda bwino, namusunga m'bokosi la zida zake, kuti tsiku limene luso lidzamutseke makutu, azikumbukira zimene akale ananena: safunsa anadya phula.